Benchi la Kumbuyo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ine kuno ku George, komboni yathu ya mu Lusaka, ndilipo, kungoti mawondo ayamba kukana ntchito. Papita zaka zisanu ndi zinayi chikuikireni m'manda, ndipo sindinakulembereni ngakhale kamodzi. Musadabwe. Mukudziwa kuti ine ndi cholembera tinasiyana kalekale, ndili Sitandade 2. Kalata ino ndinaiyamba Lolemba ndipo ndikuona kuti ifika Loweruka, chifukwa ndimalemba ngati nkhuku yotola mapira. Koma pali nkhani imene yandiima pakhosi, ndipo palibe wina woti ndimuuze koma inu, popeza inunso mulimo.

Ndiyambe ndi za pakhomo, monga munkachitira inu mukalandira mlendo. Nyumba ikadalipo. Malata a mbali ya kuchipinda kwanu ndinasintha chaka chatha atayamba kudontha ngati sefa. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri, uja tinkakusekani nawo kuti sudzabereka, ndi umene ukudyetsa ana a mzere wonse uno. Amaugenda ine ndili pompo. Chimanga cha pa kamunda kathu sichinachite bwino. Mvula inadula chitangomasula ngayaye, ndipo tinapezamo matumba awiri okha. Mwana wanga Agnesi akadali ku Bauleni, akugwirabe ntchito ya m'nyumba kumayadi, ndipo amabwera mwezi ukatha. Mwana wake wamwamuna uja anakwatira, ndipo mu Epulo kunabadwa kamtsikana. Anakatcha Velonika, dzina lanu. Kali ndi mphumi yanu, ndipo kakakwiya kamaluma mlomo wam'munsi ngati inu nomwe. Mng'ono wanga Lazaro ali ku Chilenje, akudya penshoni. Shuga wamugwira miyendo koma pakamwa m'pamoyo. Akukonzerabe anthu Chingerezi ngakhale pamaliro.

Tsopano za Taonga, mwana wamkazi wa Agnesi, amene ndamulera ine pakhomo pano. Munamusiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Lero ndi mayi wathunthu, ali chaka chomaliza ku koleji ya aphunzitsi. Temu ino anamutumiza kudzayeserera kuphunzitsa pa sukulu ya m'komboni muno, yomwe ija ndakhala ndikuidetsera mabolodi chisiyireni ntchito yonyamula matumba ku mafakitale.

Ntchito imeneyo ndinaitengera kwa inu, ngakhale simunaphunzitsepo. Ndimachita monga munkazirira pansi m'nyumba. Ndimasinja makala mpaka asanduke ufa, n'kusefa pa kansalu, n'kusakaniza ndi phala lamadzimadzi la chinangwa. Ndimapaka katatu, kulikonse kudikira kuti liume, kenako ndimakhutiza ndi masamba a kholowa kuti choko chizigwira. Penti wa kusitolo amanyezimira, ana samaona bwino dzuwa likalowa pawindo, koma bolodi langa limakhala bii ngati pansi pa mphika. Temu iliyonse isanatsegulidwe ndimapita ndi ndowa yanga. Palibe anandilemba ntchitoyo. Ndinkangoti, popeza ine bolodi linandikana, ndilitumikire kuti lisakane ena.

Mukukumbukira sileti yanga ya kusukulu ya ku Matero, ija yothyoka pangodya? Munaisunga m'sutikesi zaka zonse, yokulungidwa m'chitenje. Mutatsala pang'ono kutisiya munandiitana n'kunena kuti, "Filimoni, wa magazi athu amene adzayambe kuimirira kutsogolo kwa kalasi, udzam'patse iyi." Ndinalonjeza. Taonga amaliza mu Disembala, ndipo sileti ndinali nditaipukuta kale. Lero ili pansi pa matiresi, ndipo masabata atatu apitawa ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga ngati ndim'patse kapena ndikaiponye m'ngalande.

Mvetserani chimene anachita.

Mwanayu anabwera ku koleji ndi nzeru zatsopano. Tsiku lililonse pakudya nkhani inali imodzi, ya matabuleti. Amayi, tabuleti imeneyi si ya mutu ayi. Ndi kagalasi kokula ngati sileti yomweyo, koma kamayaka, kamalankhula, ndipo mabuku onse ali m'kati mwake. A mpingo wina anali atalonjeza kupatsa sukulu yathu matabuleti angapo pamodzi ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma, koma anati makolo avomereze kaye. Makolo ambiri ankakana. Ankati ana adzangoonerapo zamanyazi, ankati akuba adzathyola sukulu, ankati malaiti kuno amabwera ngati mlendo. Inenso ndinali mbali yawo. Ndinkamuuza kuti choko sichifuna kutchaja.

Iye ankandiyankha m'Chinyanja chawo cha m'tauni chija munkachida. "Ambuya, imwe simuziba. Bana ni bambiri, buku ni imozi. Nikalemba pa bolodi nafafaniza, mwana wamene sanamvele wasala. Koma pa tabuleti angabwezele kakumi, siimukalipila, siimumenya." Ine ndinkati, chinthu chosakalipa chingalere mwana? Iye n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka lina masana anatulutsa kabolodi kaja ndinamupangira ali wamng'ono, kamene ndinamuphunzitsirapo a, e, i, o, u. Anakapachika pa khoma la bafa, n'kulembapo mawu, n'kundiikira mpando kutali, pansi pa mtengo wa mapeyala. Foni yake anaitsamiritsa pa ndowa. Ndinamufunsa kuti foniyo ikuyang'aniranji kwa ine. Anati, "Ni ya chikumbuso chabe, Ambuya. Nibelengeleniko vamene nalemba." Ndinayesa. Pa bolodi ndinkaona timizere toyera tosakanikirana ngati mphutsi m'madzi. Ndinayamba kungolota. Pamene panali mbale ndinati mbuzi. Ndinachita chibwibwi, thukuta kutuluka, mpaka ndinati, "Iwe, ukudziwa kuti agogo ako ndi mbuli, ukundivutitsiranji?"  Anangondipatsa tabuleti ya mnzake m'manja, mawu ake omwewo, ndipo ndinawerenga onse mpaka pansi. Ndinaona ngati masewera. Ndinaiwalako.

Patapita masabata awiri kunali msonkhano wa makolo. Nditalowa m'kalasi ndinapeza mawindo atatchingidwa ndi masaka, ndipo theka la bolodi langa, limene ndinalidetsa ndi manja anga mu Meyi, linali litapakidwa laimu. Loyera mbee. Palibe anandiuza. Ndinakakhala pa benchi la kumbuyo, pamene ndimakhala nthawi zonse, kutchalitchi ngakhale pamaliro, chifukwa munthu wamtali satchingira anzake.

Ahedi analankhula, kenako anaitana Taonga. Analankhula bwino, Amayi, mukanamva mukananyada. Anati makina sadzalowa m'malo mwa mphunzitsi, monga khasu silinalowe m'malo mwa mlimi. Anati vuto la bolodi n'lakuti lili pamalo amodzi pomwe ana ali pamalo ambiri. Kenako anati, "Lekani nikuonetseni munthu wamene bolodi inamusiya." Makina anayaka. Ine kumbuyo kuja ndinkangoona chinthu chowala chikugwedezeka pakhoma. Ndiye ndinamva mawu. Mawu anga. "Mbu... mbuzi."

Kalasi yonse inaphulika. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Ni ba Filimoni aba, basanduka ba pa TV." Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Anthu amene ana awo aphunzira pa mabolodi anga, anthu amene ndawakumbira manda a abale awo, anali kupukuta misozi ya chiseko. Ndinamva mawu anga akuti agogo ako ndi mbuli, mokweza, ngati akulengeza pa msika. Ndinatola chipewa n'kutuluka. Aliyense m'chipinda muja anaiona nkhope yanga pakhoma, kupatula ine mwini wake.

Kuyambira tsiku limenelo ana a mumsewu akandiona amayamba, "Mbu, mbu, mbuzi." Inu munkati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinakondwa pansi pa mtengo paja, osadziwa kuti wondigulitsa ndi amene ndinkamubereka kumsana popita naye kusikelo.

Masiku atatu sindinadye chakudya chophika iye. Ndinkagula chinangwa chootcha pamsewu. Tsiku lachinayi m'mawa anabwera n'kugwada pakhomo la chipinda changa, chinthu chimene sanachitepo chiyambire koleji. Anati ndinatuluka msanga, sindinaone mbali yachiwiri, pamene ndinawerenga pa tabuleti osaphonya. Anati anthu atafika pamenepo anasiya kuseka, ena anagwira pakamwa, ndipo makolo anavomera makinawo. Ndinati, ndiye wagula makina ako ndi manyazi anga. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandipemphe. Anati, "Nikanakupemphani mukanakana." Ndinati n'zoona ndikanakana, ndipo kukanako kunali kwanga, sikunali kwako kuti undilande. 

Kenako anandiuza za Zainabu, mwana wa a Saidi, atelala aja ochokera ku Malawi amene amasoka pafupi ndi msika. Zainabu ndi wamtali kuposa onse mu Giredi 3, choncho anamukhazika kumbuyo, monga mwa mwambo wa sukulu zonse: aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Aphunzitsi onse ankati ndi wogona. Taonga anaona kuti mwanayo sayang'ana pa bolodi, amakopera m'kope la mnzake, ndi zolakwa zomwe. Tsiku lina anam'patsa foni m'manja muli mawu, mwana n'kuwerenga ngati madzi. "Pamene apo ninakumbuka imwe, Ambuya," anatero. "Muntu wamene alowetsela bazimai bonse ba mu laini ulusi mu nsingano, koma sazindikila mwana wake pa geti mpaka akambe." Kenako analoza mtengo wa mango wa kutsidya kwa msewu n'kundifunsa ngati ndikuona masamba ake. Ndinati masamba a mtengo wa kutali amaoneka ndani? Anati, "Tonse timayaona."

Amayi, ndili ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ndinkayesa kuti dziko linapangidwa choncho, kuti zapafupi zimaoneka ndipo zakutali ndi utsi kwa aliyense. Ku mafakitale thumba limakhala paphewa, silifuna maso. Minibasi sufunika kuiwerenga, kondakitala amakuwa yekha. Nyimbo za kutchalitchi ndinaziloweza ndi makutu. Panalibe chondiuza.

Ananditengera kuchipatala cha maso. Ndinapita mokwiya, osamulankhula njira yonse. Anandiveka magalasi oyesera, kusintha, kusintha, kenako khoma la kutsogolo linangotulukira ngati munthu wavundukula mphika. Zilembo zinaima chilili, chilichonse pachokha. Magalasi anga anatuluka sabata yatha. Sindinauze munthu. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapempha kiyi kwa mlonda wa pasukulu, ndinalowa m'kalasi muja ndekha, n'kukhala pa benchi lomwe lija la kumbuyo. Pa theka lakuda la bolodi panali patatsala phunziro la Lachisanu, lolembedwa ndi dzanja la Taonga. Ndinavala magalasi. Ndinawerenga lonse, kuyambira tsiku la mwezi pamwamba mpaka ntchito ya kunyumba pansi. Ndinawerenganso kachiwiri. Silinali lovuta, Amayi. Linali phunziro la ana.

Apa ndi pamene nkhani ikufika kwa inu.

Mukukumbukira aphunzitsi aja a ku Matero, a njinga yakuda? Anandikhazika kumbuyo tsiku loyamba chifukwa ndinali wamtali ngati bambo anga. Zaka zinayi ndinakhala kumeneko. Mabuku kunalibe, zonse zinali pa bolodi. Akandiloza kuti ndiwerenge, ndinkalota, ndipo rula inkagwa pa nsonga za zala. Tsiku lina anabwera kunyumba. Munawayalira mphasa yatsopano, munawapatsa tiyi m'kapu ija ya maluwa imene ife sitinkaikhudza. Anati, "Mayi, mwana wanu uyu ndi thanthwe, madzi salowa. Limbikirani wamng'onoyu." Inu munawathokoza. Munawaperekeza mpaka pamsewu.

Ndakhala ndikudziuza kuti simunadziwe. Koma pa benchi paja Lamlungu chinthu china chinabwerera, chimene ndinachikwirira ndekha. Ndinakuuzani. Madzulo a tsiku lomwe aphunzitsi anabwera, mukutsuka kapu ija, ndinati, "Amayi, ine pa bolodi sindiona." Munatembenuka n'kundimenya khofi ndi dzanja lonyowa. Munati, "Maso onsewa ngati a ng'ombe? Usawanamizire aphunzitsi." Sindinabwerezenso. M'kupita kwa nthawi ndinakhulupirira kuti linalidi bodza la mwana waulesi.

Ndipo mawu anu aja, amene munkawanena mokoma mtima, mukundisisita pamutu ndikabwera ndi nkhuni: "Mulungu sapatsa zonse. Iwe anakupatsa msana, Lazaro anam'patsa mutu." Munawanena kangati? Ndinawasenza mawu amenewo zaka makumi anayi pamodzi ndi matumba a feteleza. Lazaro anali wamfupi, Amayi. Ndi mutu wake wonsewo. Anali wamfupi, anakhala kutsogolo, anaona bolodi. Mpaka lero ndikapita kwawo amandipatsa nyuzipepala n'kunena kuti, "Achimwene, onaniko zithunzi."

Ndikudziwa zimene mungayankhe. Bambo anali atamwalira, inu mukuchapa zovala za anthu, ndipo mawu a mphunzitsi masiku amenewo anali ngati a m'Baibulo. Magalasi a mwana wa m'komboni akanachokera kuti? Zonsezo ndazilingalira. Koma sindinkafuna magalasi. Ndinkangofuna munthu mmodzi woti anene kuti, tamusunthirani kutsogolo tione. Masitepe khumi okha. Moyo wanga wonse unatsalira pa masitepe khumi amenewo, ndipo amene akanandiyendetsa munali inu. Munakhulupirira mlendo wa pa njinga, ine munandimenya.

Ndiye onani mmene zandikhalira. Amayi anga sanandimvere, mdzukulu wanga sanandifunse. Nonse awiri munachita zimene munaona kuti n'zabwino, pamutu panga, ine ndili pomwepo. Ndipo bolodi limene ndalipaka makala zaka zonsezi, kulisisita ndi kholowa ngati mwana, ndi lomwe linandiba.

Za makinawo sindinagonje kwenikweni. Matabuleti afika, ndi ochepa, ana amakhala asanu pa imodzi. Sabata ino malaiti anapita masiku awiri, sola ya pasukulu inalephera, ndipo Taonga anabwerera ku choko, pa theka lakuda lija. Ndinamuuza kuti ukanapaka laimu ponse ukanalemba pati? Anavomera. Ndinamuuzanso kuti tabuleti sinamuone Zainabu. Anamuona ndi iyeyo, ndi maso ake, chifukwa anayenda kufika kumbuyo kwa kalasi, kumene aphunzitsi a njinga sanafikeko zaka zinayi. Mphunzitsi waulesi ukam'patsa makina adzangokhala pampando, ana a kumbuyo n'kutsalabe. Iye anati n'chifukwa chake akufuna zonse ziwiri, makina ndi miyendo. Akuti kalasi yake sidzakhala ndi kumbuyo, chifukwa phunziro lidzakhala m'manja mwa mwana aliyense. Ndi mawu a munthu amene sanakalambe. Komabe Zainabu akuwerenga, ndamumva ndekha pa khonde la bambo ake, akuwawerengera miyeso ya madiresi.

Kanema uja ndinamuuza afafanize. Anafafaniza ine ndikuona, koma akuti anzake a ku koleji ena ali naye kale m'mafoni mwawo. Choko ukalakwitsa umapukuta ndi kansanza. Izi sizipukutika. Ndikadzafa ine, kwinakwake kudzakhala nkhalamba ikunenabe kuti mbuzi pamene pali mbale. Chimenechi sindinamukhululukire, ndipo ndamuuza. Chakudya chake ndayambanso kudya, koma timadya mwakachetechete.

Dzulo ndinatulutsa sileti ija n'kuiyang'ana ndi magalasi, ngakhale yapafupi sindifunira magalasi. Pa thabwa la m'mbali pali zilembo zimene ndinazokota ndi msomali, F ndi B, zoyamba za maina anga, zowongoka bwino. Si dzanja la thanthwe limenelo. Ndipo ndinadzifunsa kuti, mayi amene ankakhulupirira kuti mwana wake ndi mbuli, anasungiranji sileti yake zaka makumi asanu? Ya Lazaro simunasunge. Mabuku ake a Fomu 5 munayatsira mbaula. Kapena munadziwa, Amayi, mochedwa, n'kusowa poyambira. Kapena chitenje chija chinali kupepesa kwanu. Ngati ndi choncho, munalakwanso, chifukwa munakhala nane nyumba imodzi mpaka tsiku lomaliza, ndipo pakamwa munali napo.

Sileti ndim'patsa. Osati chifukwa mtima wapola, koma chifukwa ndinalonjeza, ndipo ine sindinaphunzire kuchita zinthu kumbuyo kwa munthu. Ndidzapita ku mwambo wawo mu Disembala nditavala jekete ndi magalasi, ndipo ndidzakhala pamzere woyamba, wotchingidwa adzasunthe yekha. Ndidzam'patsa m'manja n'kumuuza kuti aipachike m'kalasi mwake, pa khoma la kumbuyo, kuti tsiku lililonse aziyenda kukaiona. Ndipo mwana akadzamuuza kuti sindikuona, adzayambe wakhulupirira, mafunso pambuyo. Theka lakuda la bolodi ndidzalipakabe temu ikubwerayi. Makala ndasinja kale.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakukwiyirani. Zonse ziwiri ndazinyamula, msana munati ndili nawo. Moni kwa bambo. Mwezi wa mawa ndibwera kudzalimira manda anu, ndipo mwala wanu ndidzauwerenga ndekha ndili chiimire, osagwada n'kugunditsa mphuno monga kale. Tsiku langa likadzakwana, mudzandisungire malo pafupi nanu, kutsogolo. Ndili ndi mawu aja ndinakuuzani mukutsuka kapu, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzawanenanso, kufikira mutandiyankha.

Ndine mwana wanu woyamba,
Filimoni